Madzi a kuchimbudzi cha malo ogona alendo akutsikira m'nyanja, ndikadandaule kuti?

Abale ndi alongo pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndine mayi wa ku Chembe, ku Cape Maclear, kwa T/A Nankumba ku Mangochi.

Pafupi ndi pamene timatunga madzi ndi kutsukira mbale pali loji ina imene yawonjezera zipinda posachedwapa. Dzina sinditchula. Pofuna kuti alendo azigona pamchenga woyera, anadula bango lonse la m'mphepete mwa madzi, ndipo dzenje la zimbudzi analikumba mumchenga momwemo, kufupi kwenikweni ndi nyanja. Mvula ikagwa, kapena zipinda zikadzaza pa Khrisimasi ndi pa Pasaka, pamchengapo pamatumphuka madzi akuda onunkha, n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka kulowa m'nyanja. Miyala ya pamenepo yayamba kuterera ndi ndere. Ana athu amasambira pomwepo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatilanda anthu ambiri kuno ku Mangochi, ndiye mtima wanga suli m'malo.

Chondimanga manja n'chakuti achimwene anga amadyera mwa alendo omwewo. Amawatenga pa boti kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi kuponyera nkhwazi nsomba, ndipo makasitomala ambiri amawapeza pageti la loji imeneyi. Fizi ya ana awo imachokera pamenepo. Inenso alendowo amandigula nsomba. Sindikufuna kuti asiye kubwera, ndikungofuna kuti dzenjelo lichoke pamene lili. Ndiyambire kwa ndani kuti achimwene asathamangitsidwe pageti chifukwa cha ine?

Bambo wa mu komiti yoyang'anira za usodzi pagombe, Beach Village Committee (BVC):
Mayi, musapite nokha. Nkhani ikakhala ya munthu mmodzi amati ndi nsanje. Itengereni ku Beach Village Committee ya kwanuko, komitiyo ipite nayo kwa agulupu. Ikatuluka m'dzina la mudzi, palibe amene angaloze chala achimwene anu. Za bangozo musaziiwale pokadandaula, chifukwa ife asodzi zimatikhudza kwambiri. M'bango ndi mmene tiana ta chambo timabisala tisanakule, komanso ndi limene limaphwanya mphamvu ya mafunde. Nyanja itakwera mu 2024, maloji ambiri ku Mangochi ndi ku Salima analowa madzi. Ndinaona ndi maso anga pamalo pamene anametapo bango lonse, mafunde anadya gombe mpaka kufika pa maziko a mpanda. Madzi akadzakweranso chonchija, dzenje la mumchengalo lidzakhala mkati mwa nyanja.

Wogwira ntchito za umoyo:
Mchenga sugwira zonyansa ngati dothi la katondo, madzi amangodutsa, ndiye ngakhale tsiku limene simukuona kanthu pamwamba, pansi zikuyendabe. Itanani a HSA (alangizi a zaumoyo) a m'dera lanu adzaone okha, makamaka tsiku limene madziwo atuluka. Iwo ali ndi njira yotumizira lipoti kwa oyang'anira za ukhondo ku boma. Jambulani pa foni ndipo muzilemba tsiku. Pakadali pano madzi akumwa muziwathira klorini kapena kuwiritsa. Mwana akayamba kukodza magazi musachedwe naye, likodzo kumeneko ndi nkhani yodziwika kale.

Mnyamata wa ku Blantyre:
Amayi, pepani kwambiri. Koma tisamangoloza eni maloji ndi azungu. Ife a m'tauni tikabwera pa holide ndi basi yonse, timasiya mabotolo, majumbo ndi matewera a ana pamchenga, mawa lake ife uyo tapita. Mapulasitiki opyapyala analetsedwa m'dziko muno koma ali mbwee pagombe. Mukamakambirana kumudziko, nenaninso za migolo ya zinyalala ndi amene azizichotsa.

Mayi wodziwa za malamulo a zachilengedwe:
Lamulo lili mbali yanu. Environment Management Act ya 2017 imaletsa kuipitsa madzi, ndipo ndi imene inakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira zimenezi. Komiti ilembe kalata yopita ku khonsolo ya Mangochi, ina ku MEPA, ndipo musunge kope losainidwa kuti alandira. Kumbukiraninso kuti Chembe wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna zomwe achimwene anu amakaonetsazo. Ofesi ya paki ili konko, apatseni kope nawonso. M'kalatamo funsani ngati anapatsidwa chilolezo asanawonjezere zipinda, ndipo mupemphe kuti akadzabwera oyendera, anthu a m'mudzi akhalepo.

Bambo amene anagwirapo ntchito paloji ku Senga Bay:
Ine ndikuona kuti makalatawo adikire kaye. Nthawi zambiri mwini wake amakhala ku Lilongwe kapena kunja, ndipo manijala samuuza zoipa. Mlendo akamva fungo pagombe sabweranso, amakalemba pa intaneti, ndiye woluza woyamba ndi mwini lojiyo. Agulupu amuitane, amuonetse zithunzi, agwirizane tsiku loti akhale atasamutsa dzenjelo kumtunda. Akakana, pamenepo ndiye mupite kuboma.

Mwini funso:
Zikomo nonse, mwandimasula. Ndalankhula ndi amayi anzanga amene timatunga nawo madzi pamenepo, avomera kuti tipitire limodzi kwa a BVC, ndipo a HSA ndiwapeza mawa. Za kuyamba ndi mwini loji ndazimva, koma ndipempha kuti zimene angalonjeze zilembedwe pamaso pa agulupu. Achimwene ndiwauza ndekha madzulo ano asanazimve kwa anthu. Funso lina kwa inu a BVC: bango likadulidwa chonchi limaphukanso lokha, kapena tiyenera kukazula mizu kwina n'kudzadzala?