Debian 13 kapena Devuan pa makompyuta akale? Ndithandizeni nzeru

Abale ndi alongo odziwa za Linux kuno ku Lusaka, ndikupempha malangizo. Ndimayang'anira makompyuta a kasukulu kena ku Matero komwe ana amaphunzira kutayipa. Ndi akale ndithu, RAM yake 2GB basi, ndipo magetsi akazima mwadzidzidzi ndimafuna adzuke msanga osavuta.

Debian 13 (mtundu wa Linux), yomwe akuitcha trixie, inatuluka mu Ogasiti 2025. Imayatsidwa ndi pulogalamu yotchedwa systemd, monga zakhalira kuyambira Debian 8 mu 2015. Mkangano wa systemd suja unapangitsa ena kupatuka n'kuyambitsa Devuan, yomwe ndi Debian yopanda systemd? Iwo amati systemd yakula mopitirira, ikugwira ntchito zambiri zomwe si za pulogalamu yoyatsa makina, ndiye amakonda mapulogalamu ena oyatsa makina monga sysvinit, OpenRC kapena runit. Ine chomwe chimandivuta ndi malogi (zolemba za zomwe zachitika m'makina): a systemd sawerengeka ngati fayilo wamba, mpaka ugwiritse lamulo la journalctl. Koma ndikuvomera kuti kuyambitsa service (pulogalamu yogwira ntchito kuseri) ndi lamulo la systemctl n'kosavuta, ndipo mayankho ambiri pa intaneti analembera systemd.

Ndiye mafunso anga ndi awa. Kodi pa makina a 2GB kusiyana kwake kumaoneka, kapena ndi nkhani ya mfundo chabe? Nanga poti trixie ikuika /tmp (foda ya mafayilo osakhalitsa) mu RAM, kodi sizidzatsamwitsa timakina tanga? Komanso awiri mwa iwo ndi a 32-bit, ndipo trixie inasiya kutulutsa installer ya i386, yoikira Debian pa makina otere. Amenewa ndiwaike chiyani?

Amene munayesapo Devuan, mapulinta ndi ma flash a ana amagwira bwinobwino? Mabandulo akudula, sindikufuna kudawuniloda kawiri.