Backup ikuyenda bwino pa Fedora, koma pa Ubuntu ikufika yoduka

Wofunsa: Akuluakulu, thandizeni. Pulogalamu ya Python imapanga backup ndi mzere uwu:

`subprocess.run("tar czf deta.tar.gz deta/ &> log.txt", shell=True, check=True)`

kenako imatumiza fayiloyo ku seva ina. Pa Fedora zonse zili bwinobwino. Pa Ubuntu 22.04 palibe error iliyonse, koma log.txt ikukhala yopanda kanthu, ndipo deta.tar.gz ikukana kutseguka kumene yafikako. Chikulakwika n'chiyani?

Woyankha woyamba: Vuto lili pa `&>` apo, achimwene. Mukaika shell=True, Python siitana shell (pulogalamu yomasulira ndi kuyendetsa malamulo) imene mumalembamo pa terminal, imaitana `/bin/sh -c`. Pa Fedora /bin/sh ndi shell yotchedwa bash. Pa Ubuntu ndi shell ina yotchedwa dash kuyambira pa 6.10 mu 2006, ndipo Debian nayo ili chimodzimodzi. Kwa bash, `&>` ndi chizindikiro chimodzi: zotuluka ndi ma error zonse zipite mu fayilo. Dash imachidula pawiri. Ikaona `&` imasiya tar, pulogalamu yomanga mafayilo pamodzi ija, azigwira ntchito kumbuyo osamudikira, ikaona `> log.txt` imangopanga fayilo yopanda kanthu, n'kutuluka pompo ndi 0, kutanthauza kuti zonse zayenda bwino. Basi check=True yakhutira, pulogalamu yanu n'kunyamula fayilo tar akadali m'kati molemba.

Tsimikizani ndi `ls -l /bin/sh`. Kukonza kwake lembani `> log.txt 2>&1`, motsatana choncho. Mukayamba ndi `2>&1`, ma error salowa mu fayilo.

Woyankha wachiwiri: Zoona zimenezo, koma apa shell siyikufunika n'komwe. Ichotseni:

`with open("log.txt", "w") as f:`
`    subprocess.run(["tar", "czf", "deta.tar.gz", "deta/"], stdout=f, stderr=subprocess.STDOUT, check=True)`

Mukatero Python imayendetsa tar mwachindunji ndi kumudikira amalize. Dzina la foda ngakhale likhale ndi mpata pakati kapena `;`, silisanduka lamulo lina. Chenjerani pamodzi pokha: popanda shell palibe wotambasula `*.csv`, tar adzafunafuna fayilo ya dzina lomwelo. Gwiritsani ntchito `glob.glob()`.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, `ls` yaonetsadi dash. Nanga ndikangoika `executable="/bin/bash"`? Mizere yotere ilipo yambiri.

Woyankha woyamba: Pa Ubuntu zitheka, ngati mukufuna zigwire lero. Koma mukalowa mu Docker ya Alpine mulibe bash, muli shell ina, ash ya BusyBox, mudzalandira FileNotFoundError. Pa FreeBSD bash imachita kuikidwa, ndipo imakhala ku /usr/local/bin. Pa macOS ilipo koma ndi 3.2 yakalekale, yosadziwa `declare -A`. Chonde musasinthe /bin/sh ya seva kuti iloze ku bash. Tsiku lodzasamukira pa seva yatsopano vutoli lidzabweranso, aliyense ataiwala.

Woyankha wachitatu: Mizere inayo ikopereni mu fayilo imodzi, muipime ndi `shellcheck -s sh`, kapena `checkbashisms` ya mu phukusi la devscripts, zida zimene zimaloza malamulo ogwira mu bash koma osagwira mu sh wamba. `source` ikhale `.`, `[[ ]]` ikhale `[ ]`, `echo -e` ikhale `printf`. `source` ndi `[[` zimadziulula zokha ndi "not found", koma `&>` imapha mwakachetechete, ndiye yambani kusaka imeneyo. Komanso ma backup onse opangidwa pa Ubuntu ija muwayese ndi `tar tzf` lero lomwe, musanafufute akale.