Mwana akagwidwa ataba m'sitolo, kodi ndi ndende basi?

Nambewe wa ku Turffontein:
Abale, mnyamata wa zaka 16 akagwidwa ataba m'sitolo muno mu Johannesburg, pali njira yoti asalowe m'ndende komanso dzina lake lisaipe?

Bambo Phiri, Yeoville:
Ilipo mayi. Lamulo la Child Justice Act la 2008 limalola diversion, kuti mlandu uthere kunja kwa khoti. Probation officer, yemwe ndi wa boma woona za chisamaliro cha anthu, amayamba wamuunika mwanayo, ndipo ngati akusungidwa, amakaonekera kwa majisitireti pasanathe maola 48. Mwanayo avomere yekha kulakwa kwake, osaumirizidwa, kholo kapena womulera avomerenso. Akhoza kutumizidwa ku maphunziro a NICRO (bungwe lothandiza olakwira malamulo kusintha khalidwe), kugwira ntchito yothandiza anthu, kapena kupepesa ndi kubweza katunduyo. Akamaliza sakhala ndi criminal record, mbiri yolembedwa yoti anapezeka wolakwa. Pamene zimaonongekera ndi kujomba: akasiya kupita, mlandu ukhoza kubwerera kukhoti. Loya waulere mumupeza ku Legal Aid South Africa.

Achimwene a ku Rosettenville:
Kwa akuluakulu, samalani ndi chindapusa cholipira kupolisi povomera mlandu. Ambiri amalipira kuti apite kwawo msanga, osadziwa kuti chimalembedwa ngati kupezeka wolakwa, ndipo chimatuluka pa police clearance, kalata ya apolisi yoonetsa milandu ya munthu, pofuna ntchito. Kuchifufutitsa mumadikira zaka 10.

Gogo Nachisale:
Kunyumba nako, chonde musamuitane "wakuba". Mwana akalimva dzinalo tsiku ndi tsiku, anzake abwino amamuthawa, amatsala ndi okhawo omwe anamukokera. Mudzudzuleni pa zimene wachita, ndipo Lolemba abwerere kusukulu.