Vinyo wofiira wosakaniza mphesa: n'chifukwa chiyani amauma mkamwa?

Funso: Akuluakulu odziwa vinyo, vinyo wofiira wa ku Bordeaux, ku France, amalemera pa lilime ndipo amasiya mkamwa mouma. Chimachititsa n'chiyani, nanga amwedwe bwanji kuti akome?

Yankho loyamba: Achimwene, kuumako ndi tannin, yochokera m'makoko ndi njere za mphesa komanso m'migolo ya mtengo wa oki ya malita 225 momwe vinyo amakhwimira, nthawi zambiri miyezi 12 mpaka 18. Tannin amamata lilime ngati nthochi yosapsa. Vinyoyu amasakaniza mitundu ingapo ya mphesa: Cabernet Sauvignon ndiye mwini tannin wambiri ndi fungo la zipatso zakuda, pomwe Merlot imafewetsa n'kubweretsa kukoma kwa maplamu. Cabernet Franc ndi Petit Verdot amathiramo pang'ono, kuwonjezera fungo ndi mtundu. M'zigawo za Bordeaux, vinyo wa ku Médoc amatsamira pa Cabernet Sauvignon, wa ku Pomerol pa Merlot, choncho ofuna wofewa ayambire ku Pomerol.

Yankho lachiwiri: Ambiri amalakwitsa pa kutentha. Vinyoyu amafuna madigiri 16 mpaka 18. Akatentha, mowa wake, womwe umafika pa 14 peresenti, umabaya mphuno n'kuphimba fungo la zipatso. Muthireni mujagi akhale ola limodzi, mpweya umufewetse, kenako muikeni mufiriji mphindi 20. Akazizira kwambiri, tannin amawawa.

Yankho lachitatu: Musamwe wopanda chakudya, bambo. Nyama yang'ombe yootcha yamafuta imachepetsa kuumako, koma tsabola wambiri amakulitsa moto wa mowa. Vinyo wa Meerlust Rubicon wa ku Stellenbosch, ku South Africa, amapangidwa mwa njira ya Bordeaux yomweyi, ndipo ngwabwino kuyambirapo.