Bambo anga anaphikira ophunzira a ku Chanco zaka 25, ndithandizeni nzeru mbiri yawo isatayike

Zikomo a admin pondilola. Ndine mayi wa ku Ntcheu, ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Tsangano Turn-off. Ndikudziwa kuti m'gulu muno muli anthu ambiri amene munadutsa ku Chirunga, pa Chancellor College (Chanco) ku Zomba, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu.

Bambo anga ali ndi zaka 78. Analowa ntchito kukhitchini ya ophunzira mu 1969, yunivesite ikadali ku Chichiri ku Blantyre. Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, iwo anasamuka nayo, ndipo anapuma mu 1994 n'kubwerera kumudzi kuno. Mwezi watha denga linadontha, ndiye posuntha katundu tinatsegula sutikesi yawo yachitsulo. Munali apuloni, khadi la ntchito, zithunzi zakale zoposa 30, ndi kope lomwe ankalembamo matumba a ufa, nyemba ndi mpunga otuluka m'sitolo sabata iliyonse. Kopelo ndi limene linandiliza. Bambo sanapitirire Sitandade 5, koma manambala ake ndi oongoka ngati a kalaliki.

Chiyambire tsiku limenelo akungosimba. Akuti ankakoleza moto tambala asanalire. Akuti mwana wochokera kunyumba kwa njala ankamudziwa ndi kagwiridwe ka mbale, ndipo wotero ankamuonjezera chipande mwakachetechete. Nthawi ya mayeso nsima inkatsala, chifukwa mantha amatseka kukhosi. Ena mwa anawo lero ndi majaji, ena aphunzitsi akuluakulu, ena anatisiya. Ine ndimati nayonso imeneyi ndi mbiri ya yunivesite, yofanana ndi ya anthu ovala mikanjo aja.

Vuto ndi ili. Mutu wawo wayamba kutaya za dzulo, nthawi zina amafunsa mayi amene anamwalira kalekale. Komanso akafika pa 1987, chaka chimene boma linamanga a Jack Mapanje, mlakatuli amene ankaphunzitsa pa Chanco, n'kukawatsekera kundende ya Mikuyu, kapena pa 1992 pamene ophunzira anaguba kugwirizana ndi kalata ya maepiskopi, amatsitsa mawu n'kufunsa ngati pakhonde pali munthu. Ndiwakakamize kapena ndiwasiye? Achimwene anga akuti tiponye zithunzizo pa Facebook, eni nkhope adzione, mwina wina n'kuthandiza ya mankhwala. Azakhali akuti za m'sutikesi zibwerere m'sutikesi. Ine mtima wanga uli pakati. Ndiyambire pati?

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Mwana wanga, ndinamaliza ku Chirunga m'ma 1970, ndiye nsima ya bambo akowo ndinadya ndithu. Ukawauze kuti mmodzi mwa ana awo akuti zikomo. Usayambe ndi zithunzi, yamba ndi mawu. Pepala lidikira, mutu wa munthu wamkulu sudikira. Tchera foni ijambule, m'mawa akangomwa phala, ndipo uziwapatsa chithunzi chimodzi patsiku. Akasokoneza chaka usawakonze, udzakonza wekha polemba. Zoti ugwirepo ndi izi: ophunzira oyamba, pafupifupi 90, analowa ku Chichiri mu 1965. Posamukira ku Zomba anaphatikiza a ku Chichiri, a ku Soche Hill amene ankaphunzira uphunzitsi, ndi a ku Mpemba amene ankaphunzira za kayendetsedwe ka boma. Uwafunse mmene magulu atatuwo ankakhalira patebulo limodzi masiku oyambirira. Zimenezo wophika ndiye anaziona bwino kuposa ife. Za 1987 usakakamize. Ife amene tinakhala nthawi imeneyo mantha ake sanatichoke. Uwafunse kuti tsiku limenelo anaphika chiyani, zinazo zibwera zokha zikafuna.

Mnyamata wa ku Lizulu:
Achemwali, ine ndili mbali ya achimwene anuwo. Ponyani basi. Anthu akale a ku Chanco ali ndi magulu awo, tsiku limodzi lokha mudziwa mayina onse.

Mayi wina, Zomba:
Ayi achimwene, osathamanga. Pazithunzipo pali anthu amene sanapemphedwe, ena ndi malemu ndipo ali ndi ana. Komanso chithunzi chikangolowa pa intaneti mwini wake saonekanso, mawa muchipeza kwina popanda dzina la bambowa. Inu mayi, pezani wa sitediyo azijambule bwino pa kompyuta, zenizenizo musunge mu envelopu pamalo ouma, osati m'pulasitiki. Kumbuyo muzilemba ndi pensulo. Kuno ku Zomba kuli National Archives, ndiponso laibulale ya yunivesite ili ndi chigawo cha Malawiana chosunga zolembedwa za dziko lino. Mukafuna kupereka, perekani zojambulidwa pa kompyutazo, osati zenizenizo, ndipo pakhale kalata yosonyeza mwini wake. Polemba kalata kumbukirani kuti kuyambira 2021 Chanco ndiyo ikutchedwa University of Malawi.

Bambo wina, Bembeke:
Bambo anga anali mlonda pasukulu ina yaukachenjede. Tinkati tidzawajambula tikakolola. Sitinawapeze. Chitani sabata ino.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga mpaka usiku. Aphunzitsi, uthenga wanu ndawauza. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti, "Anali wa holo iti?" Chonde ndiyankheni, akudikira.

Lero m'mawa ndayesa. Ndinawapatsa chithunzi cha amuna asanu ataima kuseri kwa khitchini, ndipo atchula anayi ndi midzi yawo yomwe, mmodzi wa ku Ntcheu konkuno, mbali ya ku Nsipe. Tajambula mphindi 40 foni isanathe moto. Ndagwirizana ndi achimwene kuti pa Facebook tiponya chithunzi cha bambo okha ali ndi apuloni, zinazo ziyembekeze kaye. Azakhali sanavomerebe, koma anakhala nafe pamkeka mpaka kumapeto, ndipo ndi iwo amene anakumbutsa bambo dzina la munthu wachisanuyo.

Tsopano amene makolo anu kapena agogo anu anagwirako kukhitchini, kochapa kapena kumaluwa ku Chichiri ndi ku Chirunga zaka zimenezo, ndipezeni ku inbox. Loweruka ndikupita ku Nsipe kukafunsa ngati mnzawo uja akadali moyo.