Ndiphunzitse bwanji ufulu ndi ukapolo ngati nkhani imodzi m'mbiri yoyambirira ya America?

Moni nonse a m'gulu lino, makamaka aphunzitsi anzanga a mbiri yakale. Ine ndine Mmalawi amene ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya boma kuno ku America, ndipo chaka chino andipatsa giredi 8, ana a zaka 13 ndi 14. Gawo loyamba la silabasi likuyambira pa kufika kwa Angerezi ku Jamestown, m'dera la Virginia, mu 1607 mpaka kulembedwa kwa malamulo oyendetsera dziko ku Philadelphia mu 1787, ndipo ndikupempha nzeru pa kasanjidwe ka maphunzirowa.

Buku lathu limaifotokoza bwino nkhani ya ufulu. Nkhondo ya Britain ndi France itatha mu 1763, boma la Britain linatsala ndi ngongole zambiri ndipo linaika misonkho monga ya Stamp Act mu 1765, koma anthu a m'madera 13 a ku America amene ankalamulidwa ndi Britain anakana kukhoma misonkho yokhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo imene munalibe owayimira. Tiyi anatayidwa m'nyanja ku Boston mu 1773, ndipo mfuti zinayamba kulira ku Lexington ndi Concord mu 1775. Zimenezi ana amazigwira msanga. Vuto n'lakuti ukapolo anaupatsa mutu wakewake, ngati kuti unkachitika m'dziko lina.

Kwa ine nkhani ziwirizi sizisiyanitsika. Pa 30 Julayi 1619 nyumba yoyamba ya oyimira anthu inakumana ku Jamestown, ndipo kumapeto kwa Ogasiti chaka chomwecho chombo chotchedwa White Lion chinafika ku Point Comfort, ku Virginia komweko, ndi anthu oposa 20 ogwidwa kudera la Angola, amene anasinthanitsidwa ndi chakudya. Fodya amene anapulumutsa Virginia ku umphawi ankafuna nthaka yambiri ndi antchito ambiri. Nthakayo inalandidwa kwa eni nthaka, anthu a mtundu wa Powhatan, ndipo pofika mu 1662 panali lamulo lakuti mwana wobadwa kwa mayi amene ndi kapolo akhalenso kapolo. Thomas Jefferson, amene analemba chikalata cha ufulu cha 1776 chonena kuti anthu onse analengedwa ofanana, anakhalapo ndi akapolo oposa 600 pa moyo wake. Pa kalembera woyamba wa 1790, mwa anthu pafupifupi 3.9 miliyoni, akapolo anali pafupifupi 700,000.

Maganizo anga ndi akuti ndisatsate mitu ya bukuli, koma pa chochitika chilichonse ana azifunsa kuti amene anapindula ndani ndipo amene anatsala kunja ndani. Komabe nthawi ndi yochepa, ndiponso ndikuopa kuti ana angangotuluka ndi chigamulo chakuti atsogoleri onsewa anali achinyengo, osamvetsa chifukwa chimene mawu a mu 1776 anadzakhalira chida cha omenyera kuthetsa ukapolo. Ndilinso ndi ana akuda ochepa m'kalasimo, ndipo sindikufuna kuti anzawo aziwacheukira nthawi zonse nkhaniyi ikatchulidwa. Amene munadutsamo, munachita bwanji?

Yankho loyamba

Aphunzitsi, njira mwasankhayo ndi yabwino, koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi: musalole sewero lililonse limene mwana akhale kapolo kapena wogula akapolo, ngakhale ana eni atalipempha, chifukwa limapweteka amene mukufuna kuwateteza. Apatseni zolembedwa za nthawi imeneyo, ndime zazifupi zimene mwafewetsako Chingerezi chake. Ine ndimaika chilengezo cha Lord Dunmore, bwanamkubwa wa Virginia, cha mu Novembala 1775 pambali pa chikalata cha 1776. Dunmore analonjeza ufulu kwa akapolo a anthu oukira amene angathawe n'kulowa gulu lankhondo la Britain, ndipo ana akawerenga zimenezi amadzifunsa okha kuti kapolo wa ku Virginia akanaona mbali iti ngati ya ufulu. Apo akapolo amaoneka ngati anthu oganiza ndi osankha, osati ongovutika chabe, ndipo kucheukirana kuja kumachepa.

Yankho lachiwiri

Ine ndikusiyana nanu pang'ono. Mwana wa zaka 13 amene sakudziwa kuti kufika kwa Angerezi ku Plymouth mu 1620 kunachitika 1776 isanafike sangathe kukambirana chilichonse, choncho yambani ndi mapu komanso mndandanda wa zaka pakhoma, funso lanulo lizibwera pambuyo. Musamalenso pofotokoza ndime ya malamulo a 1787 yowerengera akapolo atatu mwa asanu alionse. Ana ambiri amaganiza kuti eni akapolo ndiwo ankafuna chiwerengero chochepa, pamene iwo ankafuna kuti akapolo awerengedwe onse kuti madera awo apeze mipando yambiri m'nyumba ya malamulo, ngakhale akapolowo sankavota. Malamulo omwewo analetsa Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, kuthetsa kuitanitsa akapolo kuchokera kunja chaka cha 1808 chisanafike. Makolo alembereni kalata msanga yowauza zolembedwa zimene ana awerenge.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse awiri. Sewero sindichita, ndipo mapu ndi zaka ndiziika pakhoma sabata yoyamba. Chimene chatsala ndi eni nthaka, pakuti zolembedwa zambiri zonena za mfumu Powhatan ndi mwana wake Pocahontas zinachokera kwa Angerezi monga John Smith. Kodi ana a msinkhu umenewu mumawathandiza bwanji kuwerenga umboni wolembedwa ndi mbali imodzi yokha, osaumeza wonse komanso osautaya wonse?