Pempho la malangizo pa nkhani ya data paulendo wa ku Tanzania

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumayenda kawirikawiri pakati pa Lusaka ndi Dar es Salaam. Mwezi wamawa ndikupita kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kukaoda nsalu, ndipo ndikakhalako masiku 10. Ulendo wathawu, nditangowoloka malire pa Nakonde kulowa ku Tunduma, mayunitsi anga anatheratu ndisanatumize n'komwe zithunzi za katundu kwa makasitomala anga a ku Kamwala mu Lusaka muno, amene amadikira pa WhatsApp kuti asankhe okha mtundu wa nsalu.

Kodi kugula simu khadi ya Vodacom kapena Airtel ya ku Tanzania komweko n'kotchipa kuposa kulipiriratu bandulo ya roaming ndisananyamuke? Nanga pokailembetsa, pasipoti yokha imakwanira? Nambala yanga ya kuno sindingaizimitse, chifukwa ndi imene ndimalandirirapo ndalama za malonda.